Akuluakulu a wrestling akabwera, azikweza anzawo

Dzulo ndinatuluka m'vidiyo shoo ya pafupi ndi msika wa Mangochi mtima ukuwawa. Ndalipira khobidi langa, ndakhala pa benchi thukuta lili kamukamu, kenaka nyimbo ya mkulu wakale yalira, nyumba yonse yakuwa. Nanenso ndinakuwa, chifukwa anthuwa tinakula nawo. Koma mapeto ake ndi omwe aja: wabwera, wagwetsa mnyamata amene amamenya sabata iliyonse, wanyamula lamba wa ukatswiri, wasowa.

Zimenezi si zachilendo. Mu 2017 ku WWE, kampani yaikulu ya wrestling, mkulu wakale Goldberg anamulanda lamba Kevin Owens pasanathe mphindi imodzi. Mu 2020 ku Riyadh anamulandanso lamba Bray Wyatt, munthu amene a WWE anamumanga miyezi yambiri kuti aziopsa. Nanga CM Punk? Anasunga lamba masiku 434, The Rock nkudzamulanda mu 2013 kenaka nkubwerera kokapanga mafilimu.

Achimwene amene ndinakhala nawo pafupi akuti, "Iwe, anthu amalipira kuti aone akuluakuluwo." Zoona achimwene, koma akapita tidzaonera ndani? Kuno kunyanja msodzi wokalamba amamutenga mwana m'bwato, kumuonetsa pamene pali usipa ndi mmene amaponyera chilimira. Salanda nkhafi nkumukankhira m'madzi.

John Cena anachita bwino mu 2015, anagonja kwa Kevin Owens pa nkhondo yawo yoyamba, ndipo tonse tinayamba kumulemekeza mnyamatayo usiku womwewo. Chimene ndikufuna ine ndi chimenecho basi.