Pa buloko ya 350, ine ndimaima pa 383

Sabata yatha kunabwera bambo wina pa galaja pomwe ndimagwira ntchito kuno ku Joni, atanyamula buloko (thupi la injini) ya Chevrolet 350 kumbuyo kwa pikapu. Akufuna galimoto yoti aziyendera m'tauni masiku onse, koma tsiku la mpikisano azipita nayo ku Tarlton, kufupi ndi Krugersdorp, kukathamanga mamita 402 aja. Tisanatsitse n'komwe bulokoyo, iwo anali atayamba kale: "Achimwene, ndikufuna 408. Mnzanga ali ndi 383, ine sindingakhale pansi pake."

Ndinawauza kuti, "Madala, khalani pansi tikambirane." Zimene ndinawauza ndi zomwe ndikufuna ndikuuzeninso inu, chifukwa funso ili ndalimva kambirimbiri ndipo ndaona anthu akutayapo ndalama zimene anazivutikira zaka.

Kwa amene simunazizolowere, manambala 350, 383 ndi 408 akunena kukula kwa injini m'makyubiki inchi. 383 ndi 408 ndi ma-stroker, ndipo stroker ndi injini imene mwaiikira kiranki yotalikitsa ulendo wa pisitoni m'silinda. Pisitoni ikamatsika kwambiri, imakoka mpweya ndi petulo wochuluka, injini n'kukula popanda kusintha buloko. 350 imene inayamba kutuluka mu 1967 ili ndi mabowo a mainchesi 4.00 ndipo pisitoni imayenda 3.48. Mukakulitsa mabowowo kufika 4.030 n'kuika kiranki ya 3.75, mwapeza 383, yomwe ndi malita pafupifupi 6.3. Mukaika ya 3.875 ndi 396. Mukaika ya 4.00 ndi 408. Papepala ndi manambala chabe, ndipo wina aliyense angaloze yaikuluyo.

383 sinabwere mwangozi. Mu 1970 Chevrolet anatulutsa small-block (banja la injini lomwe muli 350) ya 400 yokhala ndi kiranki ya 3.75. Amakaniko a ku America anaona kuti akaisenga kirankiyo pamalo okhala mabeyaring'i akuluakulu, kuchoka pa mainchesi 2.65 kufika pa 2.45, imalowa mu buloko ya 350. Inkafuna damper ndi flywheel ya 400 yomweyo chifukwa kulemera kwake kwina kolinganiza kunali kunja kwa injini. Lero makampani monga Scat ndi Eagle amagulitsa makiranki opangidwa kale, palibenso zosenga. Mfundo yanga ndi yakuti njira imeneyi anthu ayendamo kwa zaka zambiri. Mapisitoni alipo, makonirodi (zitsulo zolumikiza pisitoni ndi kiranki) alipo, ndipo chilichonse chimene chingavute wina anakumana nacho kale n'kuchithetsa.

Ndikufuna muone zimene zimachitika pabenchi, chifukwa apa mpamene nkhani yonse ili. Mwaika kiranki yatsopano mu buloko, mwamanga pisitoni imodzi ndi konirodi yake, opanda maring'i. Mukuzungulitsa ndi dzanja pang'onopang'ono, khutu lili pafupi. Kenako mukumva kuti kho! Bawuti ya konirodi yagunda m'mphepete mwa buloko, pansi pa silinda. Mumalemba ndi cholembera pamalopo, kumasula zonse, kutenga kagilayinda n'kusenga pang'ono, kutsuka, kumanganso, kuzungulitsanso. Mumafuna mpata wa milimita imodzi ndi theka, woti kachingwe ka pulasitiki komangira mawaya kadutsepo osakakamira. Mumachita zimenezi kwa makonirodi onse asanu ndi atatu, kenako n'kuyang'ananso kumtunda, chifukwa ena amafika pafupi kwambiri ndi camshaft, chitsulo chotsegula mavavu. Pa 3.75 ntchito imeneyi ndi ya tsiku limodzi ndipo chitsulo chimatsala chokwanira. Pa 4.00 mumasenga mpaka mtima kugunda, chifukwa kuseri kwa chitsulo chimenecho kumadutsa madzi oziziritsa injini.

Ndinaionapo 408 ya mtundu umenewu ndi maso angawa. Mwini wake anaimangitsa kwina, n'kubwera nayo kwa ife patangotha miyezi yochepa. Nditasolola kachitsulo koyezera oyilo, panatuluka zoyera ngati tiyi wamkaka. Titagwetsa sampu n'kupopera mpweya m'njira za madzi, kadontho kanatulukira pamalo pomwe anasengapo, kenako kena, kenako kena. Munthu uja anangokhala pa tayala lakale, chipewa chili m'manja, osayankhula. Anali atagulitsa galimoto ina kuti amange injiniyo. Kunja inkawala bwino, makava opaka utoto, mapaipi onyezimira, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mpaka lero zimandipweteka ndikakumbukira nkhope yake.

Vuto silithera pa kusenga. Kutalika kwa buloko, kuchoka pakati pa kiranki kufika pamwamba pomwe hedi imakhala, ndi mainchesi 9.025 basi, ndipo simungawonjezere. M'danga limeneli muyenera kukwana theka la ulendo wa pisitoni, konirodi, ndi mutu wa pisitoniyo. Pa 383 yokhala ndi konirodi ya 5.7, pisitoni imatsalirwa malo okwana pafupifupi 1.4, okwanira maring'i onse kukhala momasuka. Pa 408 yokhala ndi konirodi ya 6.0, kumatsala inchi imodzi yokha. Maring'i amathithikana, pini imakwera kulowa mumzere wa ring'i ya oyilo, ndipo pisitoni yaifupi chonchi imagwedezeka ikafika pansi. Galimoto yampikisano yokhayokha, imene imamasulidwa chaka ndi chaka, ingapirire zimenezo. Koma inu mukufuna kukhala nayo pa mzere wa magalimoto pa N1 madzulo, kutentha kuli phuliphuli, kenako mawa mupite nayo kuntchito.

Palinso liwiro la pisitoni. Injini ikamazungulira 6,000 pa mphindi, pisitoni ya 350 imayenda pafupifupi mamita 17.7 pa sekondi, ya 383 mamita 19, ya 408 kupitirira 20. Chilichonse chowonjezerapo chimakoka mabawuti a konirodi nthawi iliyonse pisitoni ikafika pamwamba n'kubwerera.

Ena mundiuza kuti 408 zilipo zambiri ndipo zikuyenda bwino. Zoona, koma funsani kuti zili mu buloko yanji. Ford 351 Windsor ndi yaitali mainchesi 9.5, choncho kiranki ya 4.00 imakhalamo mwamtendere, ndipo 408 ya pamenepo ndi injini yabwino zedi. LS, injini ya Chevrolet yatsopanoko, ya malita 6.0 ya buloko yachitsulo nayonso anthu amaifikitsa pa 408. Ngakhale pa small-block yakaleyi, mukagula buloko yopangidwira mpikisano ngati ya kampani ya Dart, nkhani imasintha. Chimene ndikukana ine ndi kukakamiza 4.00 mu buloko ya fakitale imene yagwira kale ntchito zaka 40.

Anzanga a Ford 302 nawonso amakangana chimodzimodzi pa ma-stroker awo, 331 ndi 347, ndipo kuno injini imeneyi ili ndi mbiri yake, pajatu inali mu Capri Perana ndi Sierra XR8. Bulokoyo ndi yaifupi, 8.2, choncho pa 347 yokhala ndi konirodi ya 5.4 pini imalowa mumzere wa ring'i ya oyilo. Mapisitoni amakono anachepetsa vutoli kwambiri ndipo 347 yomangidwa mosamala sidya oyilo. Komabe pa galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku, mtima wanga umapendekera ku 331.

Tsopano ndikambe za kuno kwathu komwe tikukhala, chifukwa zambiri zimene timawerenga pa intaneti zinalembedwa ndi anthu okhala kufupi ndi nyanja. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750. Mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a mphamvu zake. Ichi n'chifukwa chake sindiuza munthu kuti angokhala pa 350 kapena 355 (350 yokulitsidwa mabowo okha). Kuwonjezera kufika 383 kumabweza zina mwa zimene phiri lakulandani, ndipo mumazimva pomwe mukuzifuna, injini ikamazungulira 2,500 kapena 3,000 pa mphindi, mukamanyamuka pa maloboti. Koma samalani ndi compression, kutanthauza mmene pisitoni imafinyira mpweya ndi petulo m'silinda. Hedi yomweyo ya chipinda choyakira petulo cha 64cc ndi mapisitoni afulati zimene pa 355 zimapereka 9.7, pa 383 zimakwera kudutsa 10. Petulo wapamwamba pa pampu kuno ndi 95, amene kwa Amereka ndi pafupifupi 91 chifukwa amawerengera mosiyana. Injini imene ikuyenda chete ku Gauteng ikhoza kuyamba kulira kuti tititi mukatsika nayo N3 kupita ku Durban, mpweya ukalemera. Sankhani mapisitoni muli ndi ulendo umenewo m'maganizo.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kuona munthu atathera ndalama zonse pansi pa injini, pamwamba n'kuikapo mahedi akale a galimoto yonyamula katundu. Injini ndi pampu ya mpweya. Mukaikulitsa mimba koma mphuno n'kukhala yomweyo, imakoka mwamphamvu ponyamuka kenako n'kubanika isanafike 5,000, pamene mnzanu akungoyamba kumene kukoka. Mahedi a Vortec amene anatuluka mu 1996 amachita bwino pa 383 ya mumsewu, ngakhale amafuna kukonzedwa mukaika camshaft yotsegula mavavu kwambiri. Ngati mukufunitsitsa nthawi yabwino ku Tarlton, mahedi a aluminiyamu a njira za 195cc kapena 200cc ndiwo oyenera. 383 yopuma bwino imasiya kumbuyo 408 yobanika, ndipo izi ndazionapo pa mzere wonyamukira.

Ndiye pali zonse zimene zili kumbuyo kwa injini, zomwe anthu amaziiwala mpaka tsiku loyamba la mpikisano. Nyali yobiriwira yayaka, mwaponda, matayala akungozungulira pamalo amodzi, utsi uli tolotolo, winayo wapita. Mphamvu imene tayala silingagwire nayo pansi ndi yongotaya. Pamafunika dif yokoka mawilo onse awiri, matayala ofewa a tsiku la mpikisano, torque converter (yolumikiza injini ndi giyabokosi yosintha yokha) yogwirizana ndi camshaft yanu, ndi rediyeta yokwanira. Magiya a mu dif nawonso muwaganizire. Ndi magiya a 3.73 ndi matayala a mainchesi 26, giyabokosi ya TH350 imazungulitsa injini pafupifupi 3,600 pa mphindi mukamayenda makilomita 120 pa ola. Ulendo wa ku Pretoria wokha mumafika mutu ukuwawa, thanki itatsika. Ndi giyabokosi ya 700R4, yomwe ili ndi giya yachinayi ya 0.70, imatsika kufika cha m'ma 2,500. Ubwino wa 383 ndi wakuti imakoka mokwanira moti simufunika magiya aafupi kwambiri kuti munyamuke bwino.

Bambo aja anandimvetsera mpaka kumapeto, ngakhale nkhope inkaonetsa kuti 408 ija sinachoke mumtima. Ndinatenga tochi n'kuwaonetsa m'munsi mwa buloko yawo, ndi kuwagwiritsa chala pamalo pomwe tikanasenga, kuti amve okha kupyapyala kwake. Anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa kuti ndalama zotsala zingakwanire mahedi ati. Tagwirizana pa kiranki ya 3.75, makonirodi a 5.7, ndi compression yosapitirira 10. Bulokoyo yapita kokayezedwa ngati ilibe ming'alu, ndipo ikabwera ili bwino tiyamba kuyesa kiranki Lolemba.