Nyuzipepala za Chimalayalam ku Travancore ndi ku Malabar m'nthawi ya atsamunda

Chigawo cha Kerala chisanakhazikitsidwe mu 1956, anthu olankhula Chimalayalam ku India anali pansi pa maboma osiyana. Kumpoto, dera la Malabar linkalamulidwa ndi Angerezi eniake kuchokera ku Madras, pamene kummwera kunali ufumu wa Travancore, womwe unali ndi mfumu yake ndi nduna yaikulu yotchedwa Dewan, ngakhale kuti nawonso unkagonjera atsamunda. Ambiri angaganize kuti mkonzi wa nyuzipepala ankapuma bwino pansi pa mfumu ya eni dziko, koma mbiri ikutsutsa zimenezo.

Nyuzipepala ya Swadeshabhimani, imene Vakkom Abdul Khader Moulavi anayambitsa mu 1905, inayambira ku Anjengo, kadera kam'mphepete mwa nyanja komwe kanali m'manja mwa Angerezi. Itasamukira ku likulu la Travancore, mkonzi wake K. Ramakrishna Pillai anayamba kuvumbulutsa katangale wa Dewan P. Rajagopalachari, ndipo pa 26 September 1910 boma linatseka nyuzipepalayo, linalanda makina osindikizira n'kumupitikitsa mkonziyo m'dziko, popanda kumuzenga mlandu m'khoti. Anamwalira ku Kannur mu 1916 asanabwerere kwawo.

Ku Malabar mdani anali woonekeratu. Mathrubhumi, yomwe inatuluka koyamba ku Kozhikode mu March 1923 motsogozedwa ndi K. P. Kesava Menon, inali liwu la chipani cha Congress, chomwe chinkamenyera ufulu wa India, ndipo inalimbikitsa anthu pa ulendo wa mu 1930 wopita ku Payyanur kukaphwanya lamulo la Angerezi loletsa anthu kudzipangira mchere. Angerezi ankaimanga ndi malamulo: ankalamula eni ake kuti asungitse ndalama ya chikole imene boma likanatha kulanda nkhani ikawanyansa, komanso ankamanga akonzi. Nawonso ankatseka nyuzipepala, monga anachitira ndi Al-Ameen ya Muhammad Abdur Rahman mu 1939, choncho sindikuwayeretsa ayi. Komabe Mathrubhumi inapitiriza kutuluka m'zaka zimenezo.

Nkhanza za ku Travancore zinafika pachimake mu 1938, anthu atayamba kufuna boma loyankha kwa iwo. Dewan C. P. Ramaswami Iyer analetsa Mathrubhumi kulowa mu ufumuwo, komanso anatseka nyuzipepala ya Malayala Manorama ya ku Kottayam, ndipo mkonzi wake K. C. Mammen Mappillai anaponyedwa m'ndende pa mlandu wokhudza banki. Manorama inadzatulukanso mu November 1947, India atalandira kale ufulu, Dewanyo atatula pansi udindo.