Makapisozi awiri sachiza mkodzo wootcha

Ana anga a mu Mzuzu muno, tamverani, poti zimene ndikuonazi zandikwana. Munthu wayamba kumva kuotcha pokodza, chinena chikuwawa, kuchimbudzi akupita pafupipafupi koma kukungotuluka timadontho. M'malo mopita kuchipatala kuti akamuyeze mkodzo, akuthamangira pamsika kukagula makapisozi awiri okulunga m'kapepala. Mawa ululu wachepa, ati ndachira. Mwachira kuti? Tizilombo toyambitsa matendawo mwangotikomola, ndipo tikadzuka mankhwala omwewo sitidzawamvanso. Tikachoka m'chikhodzodzo timakwera ku impso. Mukayamba kutentha thupi, kunjenjemera, kusanza ndi kumva kuwawa m'mbali mwa msana, dziwani kuti tizilomboto tafika ku impso. Komanso kuotcha kumeneko nthawi zina ndi chinzonono, ndipo wogulitsa pathebulo sangasiyanitse.

Mu Juni ndi Julayi kuno kumazizira zedi, ndiye ena tsiku lonse limatha atangomwa tiyi wam'mawa basi. Inu a kabaza, inu amayi ogulitsa tomato, mumasunga mkodzo mpaka madzulo poopa kulipira chimbudzi kapena kusiya malonda. Ndalama mwasunga, inde, koma mkodzo wokhalitsa ndiwo umaweta tizilombo. Mkodzo ukafika pooneka ngati tiyi wopanda mkaka, thupi likupempha madzi.

Atsikana inu, njira yanu ya mkodzo ndi yaifupi, n'chifukwa chake vutoli limakupezani msanga. Tizilombo tambiri timachokera kuchimbudzi chachikulu, choncho podzipukuta yambirani kutsogolo kupita kumbuyo. Amayi oyembekezera ndiye musazengereze n'komwe, matendawa amatha kuyambitsa kubereka masiku asanakwane.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi cha ana. Mnyamata wabwera kuchokera kutchuthi kwa agogo ake ku Nkhata Bay, komwe amasamba m'nyanja tsiku lililonse, ndipo akamamaliza kukodza pakutuluka magazi. Makolo mukuseka, ati akukula. Ameneyo ndi likodzo, bambo, limachokera ku nkhono za m'madzi, ndipo mankhwala ake a praziquantel alipo. Likakhalitsa limaononga chikhodzodzo.

Anzanga a imvi, nanunso ndikukuonani. Usiku mukudzuka kanayi, mkodzo ukutuluka mofooka, koma mukubisa ngakhale kwa mayi a kunyumba. Mwina ndi prostate, kachiwalo ka amuna ka pansi pa chikhodzodzo, yakula, mwina ndi shuga. Tsiku lomwe mkodzo udzatsekeke, adzakunyamulani usiku pagalimoto yahayala mpaka ku Mzuzu Central Hospital, ndipo ana amene mumawachitira manyaziwo ndiwo adzakugwirizeni pokwera.