Inu amene mukuyembekezera intaneti yopanda mwini, mverani kaye

Ana anga, ndi inunso akulu anzanga amene mafoni anakupezani imvi zitayamba kale, madandaulo anu ndawamva mokwanira. Mukuti makampani akuluakulu a intaneti akutibera zinsinsi. Mukuti Facebook ikudziwa zambiri za munthu kuposa mayi amene anamubereka. Ena mwayamba kale kutamanda intaneti yatsopano, yopanda mwini mmodzi, imene akuti idzabweza zonse m'manja mwa anthu wamba. Nkhani imeneyi ndimaikonda, ndipo ndimalakalaka itatheka ndikadali moyo. Koma ndikaona mmene mukuchitira ndi mafoni ali m'manja mwanuwo, mtima umandiwawa. Ambiri a inu, intaneti imeneyo itati ifike m'mawa, pofika madzulo mudzakhala mutagawa kale zonse zimene yakubwezerani.

Taonani zimene mumachita. Munthu watsitsa kapulogalamu koyatsira tochi pafoni. Kapulogalamuko kakupempha kuti kaone manambala a anthu onse amene ali mufonimo, kadziwe pamene mwini foni ali, kenako kagwiritse ntchito maikolofoni. Tochi ili nayo ntchito yanji maikolofoni? Funso limeneli silibwera n'komwe m'mutu, chala chadina kale povomereza katatu konse. Ndiye chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti manambala mwaperekawo si anu. Ndi a mlongo wanu, a dokotala wanu, a munthu amene anakupatsani nambala yake chifukwa chokukhulupirirani. Mwawapereka kwa anthu osawadziwa, eni ake osawauza, kuti muone kuwala kumene foniyo inali nako kale.

Musaganize kuti ndikukokomeza. Mu 2014, mphunzitsi wina wa payunivesite ya Cambridge, Aleksandr Kogan, anapanga kapulogalamu ka mafunso pa Facebook, kaja kokuuza kuti ndiwe munthu wakhalidwe lotani. Anthu pafupifupi 270,000 anakagwiritsa ntchito. Nthawi imeneyo Facebook inkalola mapulogalamu otere kutenganso mbiri ya anzake a munthu amene wavomereza, choncho anthu ochepawo anatsegulira khomo la anzawo onse. Nkhaniyi itaphulika mu Marichi 2018, Facebook yeniyeniyo inavomera kuti anthu okhudzidwa akhoza kufika 87 miliyoni, ndipo mbiri ya ambiri mwa iwo inali itafika kukampani ya Cambridge Analytica, imene inkagwira ntchito yokopa anthu pazisankho. Mu 2019 boma la America linalipiritsa Facebook chindapusa cha madola 5 biliyoni. Kampaniyo inalakwa, ndipo sindikuikhalira kumbuyo. Koma amene anadina povomereza anali anthu ngati inu nomwe, ofuna kudziwa kuti mafunsowo awatulukira zotani. Mpaka lero ndimakuonani mukuyankha timafunso totere ndi kutumiza nkhope zanu kuti muone mmene mudzaonekere mukadzakalamba. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Intaneti sinabadwe chonchi ayi. Pamene Tim Berners-Lee ankakonza World Wide Web mu 1989 ku CERN, malo a kafukufuku wa sayansi pafupi ndi Geneva, maganizo ake anali akuti aliyense akhoza kuika kompyuta yake pa intaneti n'kufalitsa zake. Mu 1993 a CERN anapereka luso limeneli kwaulere kwa dziko lonse. Chotsalira cha nthawi imeneyo muli nacho mufoni mwanu, ndicho imelo. Munthu wa Gmail amalembera munthu wa Yahoo, kalata n'kufika bwinobwino, chifukwa makampani onse amatsata ndondomeko imodzi imene ilibe mwini. Masamba a mchezo amene mumakhalapo tsiku lonse sanamangidwe choncho. Wa pa Facebook sangatsate munthu wa pa TikTok ali pomwepo. Ukafuna kucheza ndi anzako uyenera kulowa mumpanda umene iwo ali, ndipo ukafuna kutuluka umatuluka wekha, anzako n'kutsala.

Tinalowa tokha m'mipanda imeneyi, chifukwa zinali zosavuta ndiponso zaulere. Tinasanduka anthu a lendi m'nyumba ya eni, lendi yake tikulipira ndi mbiri yathu: timacheza ndi yani, timagona nthawi yanji, tikudwala chiyani, tikufuna kugula chiyani. Mwini nyumba ali ndi kiyi wa chipinda chilichonse, amasintha malamulo tsiku limene wafuna, ndipo akhoza kukutulutsa katundu wako ali momwemo. Nyumbayo ikagwa, imagwera onse nthawi imodzi. Pa 4 Okutobala 2021, cholakwika chimodzi pokonza makina a kampani imodzi chinazimitsa Facebook, WhatsApp ndi Instagram padziko lonse kwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi. Mu 2019 a tsamba la mchezo la Myspace anaulula kuti anataya nyimbo zimene anthu anaika kumeneko kwa zaka 12, kuyambira 2003 mpaka 2015, posamutsa makompyuta awo. Akuba atalowa ku Yahoo mu 2013, anakhudza maakaunti onse 3 biliyoni. Zinsinsi za anthu ochuluka chonchi zikaunjikidwa malo amodzi, wakuba amangofunika kuthyola chitseko chimodzi basi.

N'chifukwa chake anthu ena anzeru akhala akumanga njira ina, ndipo ntchito yawo ndi yoyamikika. Mu 2016 mnyamata wina wa ku Germany, Eugen Rochko, anayambitsa Mastodon. Imaoneka ngati Twitter, imene pano ikutchedwa X, koma siili pamakompyuta a kampani imodzi. Pali maseva masauzande (seva ndi kompyuta imene imasunga maakaunti ndi mauthenga a anthu), ena a magulu, ena a mabungwe, ena a munthu mmodzi chabe, ndipo onse amalankhulana kudzera m'ndondomeko ya ActivityPub, imene bungwe la W3C, lokhazikitsa ndondomeko za World Wide Web, linavomereza mu 2018. Woyendetsa seva yanu akayamba zosayenera, mumasamukira kwina pamodzi ndi anthu amene amakutsatirani. Palibe makina okusankhirani zoti muone pofuna kukugulitsani malonda. Pa nkhani yotumizirana mauthenga pali Matrix, imene imayendanso chimodzimodzi. Tim Berners-Lee yemweyo anayambitsa ntchito ina yotchedwa Solid, imene cholinga chake n'chakuti mbiri yanu yonse izikhala pamalo amodzi amene mwasankha nokha. Pulogalamu imene ikufuna kuona kanthu ipemphe kwa inu, muipatse chokhacho chimene ikufunikira, ndipo tsiku limene mwatopa nayo muilande chilolezocho. Ngati zimenezi zitafalikira, mphamvu zambiri zikhoza kuchoka m'manja mwa makampani ochepa n'kubwerera kwa eni mbiri. Ine ndikukhulupirira kuti njira yoyenera ndi imeneyi.

Koma apa ndi pamene ndikufuna kukutsinani khutu. Mphamvu zikabwerera kwa inu, zimabwera ndi ntchito imene kampani inkakugwirirani, ndipo inu ntchito imeneyo simunaizolowere.

Elon Musk atagula Twitter mu Okutobala 2022, anthu ambirimbiri anathamangira ku Mastodon. Ndi angati anayamba afunsa kuti seva imene akulowayo akuyendetsa ndi ndani, ali dziko liti, ndalama zoyendetsera amazitenga kuti? Safunsa anadya phula. Mauthenga a mseri a pa Mastodon satsekedwa ndi loko amene kiyi wake ali ndi wotumiza ndi wolandira okha, kutanthauza kuti woyendetsa seva akhoza kuwawerenga atafuna. Mwachoka m'manja mwa kampani yaikulu, inde, koma mwalowa m'manja mwa munthu amene dzina lake lenileni simulidziwa. Akhoza kukhala wokhulupirika, ndipo ambiri ndi anthu odzipereka amene amagwira ntchitoyo popanda malipiro. Akhozanso kutopa, ndalama kumuthera, n'kuzimitsa sevayo. Mu 2023 apolisi a FBI ku America analanda kompyuta ya mmodzi mwa oyendetsa seva ya Kolektiva.social, ndipo pakompyutayo panali mbiri ya ogwiritsa ntchito sevayo yosatsekedwa ndi loko aliyense. Anthu amene anathawira kumeneko pofuna chitetezo anapezeka ali poyera chifukwa cha kompyuta ya munthu mmodzi. Pa intaneti yopanda mwini mmodzi pamakhalabe munthu woti mumukhulupirire. Kusiyana kwake n'kwakuti mumamusankha nokha, ndiye musankheni maso ali tsee.

Nkhani ya makiyi ndiye yoopsa koposa. Mwazolowera kuti mukaiwala pasiwedi mumadina pakuti mwaiwala, n'kukutumizirani ina. Zimatheka chifukwa kampaniyo ili ndi mphamvu pa akaunti yanu. Pamene kiyi ali ndi inu nokha, palibe woti mukamudandaulire. Katswiri wina wa kompyuta wa ku San Francisco anatchuka mu 2021 chifukwa anataya kapepala kamene analembapo pasiwedi ya kachipangizo kosungira makiyi a ndalama za pa intaneti zotchedwa Bitcoin zokwana 7,002. Kachipangizoko kamalola kuyesa maulendo khumi okha, kenako kamadzitseka mpaka kalekale, ndipo iye anali atayesa kale maulendo asanu ndi atatu. Ameneyo ndi katswiri. Nanga inu amene pasiwedi yanu ndi chaka chimene munabadwa, yomweyo ku imelo, yomweyo kubanki, yomweyo paliponse?

Mapulogalamu ambiri a mtundu umenewu amakupatsani mawu 12 kapena 24 oti musunge. Amene ali ndi mawu amenewo ndiye mwini zonse. Amakuuzani momveka bwino kuti muwalembe papepala n'kubisa. Inu mumatani? Mumajambula sikirini. Chithunzicho chimalowa m'gulu la zithunzi zina mufoni, usiku foniyo n'kuchikweza yokha kumakompyuta a kampani yomwe ija mumati mukuithawa. Ena amadzitumizira mawuwo pa imelo kuti asatayike. Ena akaona uthenga wa munthu wodzitcha wothandiza makasitomala, wolankhula mwaulemu, amamupatsa mawu onse motsatana. Palibe wothandiza weniweni amene amafunsa mawu amenewo, monganso palibe amene amafunsa nambala yachinsinsi imene yabwera pa SMS. Wofunsa zimenezi ndi wakuba, kaya alankhule mokoma chotani.

Chenjeraninso ndi anthu amene amagwiritsa ntchito dzina la intaneti yatsopanoyi pokukolani. Sikuti chilichonse chotchedwa Web3 kapena blockchain, kaundula wokopedwa pamakompyuta ambirimbiri, chimateteza zinsinsi. Kaundula wa Bitcoin ndi wapoyera. Aliyense akhoza kuona ndalama iliyonse imene inachoka apa kupita apo kuyambira 2009, ndipo tsiku limene adiresi yanu yalumikizidwa ndi dzina lanu, mbiri yonse ya malonda anu yaululika. Chimene chalembedwa m'kaundula wotere sichifufutika. Lamulo la GDPR, limene linayamba kugwira ntchito ku European Union mu Meyi 2018, limapatsa anthu akumeneko ufulu wouza kampani kuti ifufute mbiri yawo. Koma chinthu chikakopedwa pamakompyuta masauzande a anthu osadziwana, mukauza yani kuti afufute? Ndipo ambiri amene ankadzitama kuti amasuka kwa mabanki anali atangopereka makiyi awo kukampani ina. FTX, kampani yogulitsa ndi kusunga ndalama za mtundu wa Bitcoin, itagwa mu Novembala 2022, makasitomala anadzuka n'kupeza kuti sangatulutse ndalama zawo. Mwini wake, Sam Bankman-Fried, anagamulidwa mu 2024 kukakhala kundende zaka 25.

Palinso zina zimene luso lililonse silingakonze, ndipo apa ndikulankhula ndi inu makolo. Mumaika pa intaneti chithunzi cha mwana ali mu yunifolomu, baji ya sukulu ikuwerengeka bwinobwino, dzina lake lonse mwalemba, tsiku lobadwa mwalemba. Munthu wa maganizo oipa mwamuuza dzina la mwana, msinkhu wake ndi kumene amapezeka tsiku lililonse. Mwanayo sanavomere, ndipo adzakula n'kupeza moyo wake wonse uli kale pabwalo. Ena mumajambula pasipoti kapena tikiti ya ndege kuti anthu adziwe kuti mukuyenda, manambala onse akuoneka. Ena mumajambula zimene mnzanu wakuuzani mseri n'kuzitumiza pagulu. Uthenga ukhoza kutsekedwa ndi loko wolimba kuchokera kwa wotumiza mpaka kwa wolandira, ngati mmene Signal ndi WhatsApp zimachitira, koma wolandirayo akakhala wopanda khalidwe, lokoyo sathandiza kanthu. Khalidwe limeneli mukapita nalo ku Mastodon kapena ku Solid, zotsatira zake zidzakhala zomwezi, mwinanso kuposa, chifukwa chimene chafalikira kumaseva ambiri n'chovuta kuchibweza.

Ndiye musadikire intaneti yatsopano kuti muyambe kusamala. Lero lomwe tsegulani pamene pali zilolezo mufoni mwanu, muone mapulogalamu amene akuona manambala, kamera, maikolofoni ndi malo amene muli. Mudabwa. Amene simukuwagwiritsa ntchito achotseni, otsalawo alandeni zimene sakufunikira. Imelo yanu ikhale ndi pasiwedi yakeyake yaitali, yosafanana ndi ina iliyonse, chifukwa wolowa mu imelo amatha kusintha mapasiwedi a maakaunti ena onse, ndipo muikenso chitsimikizo chachiwiri polowa. Google ndi Facebook zimalola munthu kutsitsa mbiri yake yonse imene asunga. Tsitsani yanu, mukhale pansi muiwerenge, muone ndi maso anu zimene mwakhala mukupereka zaka zonsezi, kenako zithunzi ndi makalata ofunika muzisunge pachipangizo chanu.

Amene mukufuna kuyesa Mastodon kapena Matrix, yesani ndithu, ndipo mutengeko anzanu awiri atatu kuti musakasungulumwe n'kubwerera. Koma musanalembetse, werengani malamulo a sevayo, mufufuze amene akuiyendetsa ndi zaka zimene yakhala ikugwira ntchito, muonenso ngati analonjeza kudzachenjeza anthu nthawi ikadalipo akadzafuna kuitseka. Mukapeza yabwino ndipo muli ndi kangachepe, thandizani woyendetsayo kulipira ndalama za seva.