Omeprazole si mtedza, abale

Lachiwiri usiku tinathamangira kuchipatala ndi bambo wina wa m'dera lathu akusanza magazi. M'thumba la jekete lake munali omeprazole wochepetsa asidi m'mimba, ndi brufen ndi indocid opha ululu, zonse m'kapepala kamodzi, zogula pa okala. Akazi awo akuti akhala akumeza chonchi chikololere chimanga. Zandinyansa, ndipo sindikhala chete.

Kodi tafika pati? Msana ukawawa, brufen. Brufen akayamba kukanda m'mimba, omeprazole. Madzulo kachasu wopanda kudya, fodya pakamwa, kukacha n'kumadandaula kuti "alsa yanga yadzuka". Yadzuka yokha? Brufen, diclofenac, indocid ndi aspirin amakumba zilonda m'mimba, inu n'kumawathira pachilonda pomwepo tsiku ndi tsiku.

Zilonda zambiri za m'mimba zimayamba ndi kachilombo kotchedwa H. pylori. Madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anakatulukira mu 1982, mpaka anapata nako mphoto ya Nobel mu 2005. Kamafa ndi maantibayotiki awiri omwera limodzi ndi omeprazole kwa sabata imodzi kapena ziwiri, dokotala atalemba. Omeprazole payekha amangochepetsa asidi, ululu n'kuzizira, kachilombo kali phee. Inu mwameza makapisozi chaka chathunthu, munayezetsapo liti? Anakuuzani ndani kuti ndi omwa mpaka kalekale? Kumwa zaka popanda wokuonani kumafooketsa mafupa ndi kuchepetsa vitamini B12 m'thupi.

Kamwedwe kakenso! Kapisozi ameneyu amamwa m'mawa, mphindi 30 musanadye. Inu mumameza mutakhuta kale nsima ya kambuzi, n'kugona pomwepo, chilungulira chikakwera n'kumati mankhwala ndi achabechabe.

Amene muli pa ma ARV, apa ndiye mundimvetsetse, chifukwa ndi pamene pakundisowetsa tulo. Magnesium trisilicate ndi anzake otafuna a chilungulira amagwira dolutegravir, amene ali mu piritsi la ma ARV lotchedwa TLD, osalowa bwino m'magazi. Mumwe ARV wanu maola 2 musanatafune, kapena mudikire maola 6 mutatafuna. ARV wina wotchedwa atazanavir ndiye sayendera limodzi ndi omeprazole. Mwasunga moyo wanu zaka zonsezi, muutaye chifukwa cha piritsi lapagulosale? Manyazi a chiyani kuuza namwino zimene mukumwa? Otafuna omwewo amafooketsanso maantibayotiki a doxycycline ndi cipro, komanso mapiritsi owonjezera magazi amene amayi amalandira kusikelo.

Ena ndiye soda wophikira therere, supuni yodzaza m'kapu, chonsecho akudwala BP. Ena akadasungabe ranitidine m'kabati, mankhwala a chilungulira amene mayiko ambiri anawachotsa pamsika cha m'ma 2020 atawapeza ndi zinthu zotha kuyambitsa khansa. Mwana akalira m'mimba, n'kumupatsa omwewo. Zoona?

Chondiwawa kwambiri ndi ichi. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Munthu nsima ikukakamira pakhosi, wasiya nyama, wayamba kudya phala lokhalokha, malamba akuboola mabowo atsopano, koma akuti "ndi asidi chabe", n'kutuma mdzukulu kukagula kapisozi wina. Chimbudzi chikutuluka chakuda bii, chonanda, akuti ndi masamba a dzulo. Amenewo ndi magazi! Chifuwa chathina, thukuta lili kamukamu, ululu ukutsikira kumkono, akutafuna magnesium pamene uli mtima. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe amaunika kummero ndi m'mimba ndi kachipangizo kolowetsa pakamwa, ndipo njira yake imayambira pachipatala chaching'ono chakwanuko. Mukudikira kuti akunyamuleni pamachira?

Wa okala sanaphunzire za mankhwala, ndipo sadzakhalapo tsiku limene mudzasanze magazi. Akuluakulu inu, ndevu zonsezo, lekani zimenezi. Tengani kabuku kanu kakuchipatala mukaonane ndi dokotala.