Musanamasule zikwama, funsani pamene amatsekera madzi

Amayi anandidzutsa cha m'ma 2 koloko usiku. "Mwanawe, tadzuka, m'nyumba muno mukugwa mvula." Unali mwezi wa July, ndipo aliyense wokhala ku Joni kuno akudziwa kuti nthawi imeneyi mvula kulibe, kumangokhala chisanu choluma zala. Nditatuluka m'kolido ndinaponda madzi ofunda. Anali kutsika kuchokera kusiling'i, ena akudutsa pamene pali babu, ndipo bolodi limodzi linali litatupa n'kulendewera ngati mimba.

Nyumbayo sinali yathu. Ine ndimakhala m'chipinda chimodzi ku Rosettenville, ndiye amayi atabwera pa basi kuchokera ku Dedza kudzaona mdzukulu wawo, ine ndi achimwene tinasonkherana n'kubwereka nyumba ya alendo ku Randburg kwa masiku 4, kuti nawonso atambasule miyendo. Patebulo tinapeza kabuku kokongola. Munali pasiwedi ya WiFi, malo odyera apafupi, tsiku lotulutsa bini, ndi lamulo loti phokoso lithe ikakwana 10 koloko. Za madzi munalibe ngakhale mzere umodzi. Zimenezi zikundiwawabe mpaka lero.

Ndinaimbira alamu anga, amene amagwira ntchito ndi mapulambala. Mwamwayi anayankha. "Alamu, musagwire swichi iliyonse ndi manja onyowa. Valani nsapato, pukutani manja, pitani pa bokosi la magetsi mutsitse meni swichi, mutsitsenso yolembedwa kuti giza, thanki yotenthetsera madzi ija. Mukatero kasakeni valavu yotsekera madzi panja." Bokosilo ndinalipeza msanga kukhitchini. Valavu ndiye inatizunza. Ine ndi achimwene tinazungulira nyumba yonse ndi tochi ya pafoni, mano akugundana, tikusuzumira kuseri kwa maluwa ndi pansi pa sinki. Tinakaipeza pafupi ndi geti, pambali pa mita ya madzi, chivindikiro chake chitakwiririka ndi dothi ndi kapinga. Ndinafukula ndi manja. Nditaitseka, alamu anati titsegule mipopi yonse, makamaka ya madzi otentha, kuti mphamvu ya m'mapaipi ichepe. Nthawi yonseyi amayi anali atagwada pansi ndi chikolopa, akufinyira m'ndowa, munthu wamkulu amene tinamubweretsa kuti adzapume.

Kwathu ambiri tinakula tikutenthetsa madzi osamba pambaula, ndiye za giza sitizidziwa bwino. Kuno nyumba zambiri giza amaiika m'denga, pamwamba penipeni pa mitu ya anthu ogona. Yodziwika kwambiri imalowa malita 150, zomwe ndi zigubu 7 za malita 20 ndi theka lina. Ndipo ikabooka sikuti madziwo akatha basi zatha, ayi, chifukwa ena amalowabe kuchokera kumsewu mpaka wina atseke. Pansi pake pamayenera kukhala thireyi yokhala ndi paipi yotayira panja, koma madzi akachuluka imasefukira. N'chifukwa chake mphindi 20 zimene tinataya posaka valavu ndi zimene zinaononga siling'i ndi kapeti. Akanatisonyeza valavuyo tsiku lofika, bwenzi titangokolopa pang'ono n'kukagonanso.

Madzi atasiya, m'pamene panabuka mkangano. Achimwene anati, "Achemwali, tisawauze kaye eniake. Tipukute bwinobwino, alamu abwere m'mamawa akonze, tichoke mwakachetechete. Mukudziwa mmene amationera kuno, anena kuti taononga ndife." Sindikuwanyoza achimwenewo, mantha amenewa ndimawadziwa. Ukakhala mlendo m'dziko la eni umazolowera kudzichepetsa, kupepesa ngakhale pamene sunalakwe, kuopa kuti nkhani yaing'ono ikula mpaka ifike pa za mapepala. Koma ndinakana. Ndinajambula vidiyo ya siling'i, ya pansi, ya valavu ija ndi dothi lake, n'kutumiza kwa mwininyumba pa WhatsApp nthawi yomweyo, isanakwane 3 koloko, ndi uthenga wofotokoza zimene tachita.

Maganizo anga ndi akuti kubisa n'kumene kumamusandutsa mlendo kukhala wolakwa. Giza ikatha ndi dzimbiri si mlandu wa munthu amene wagona m'nyumbamo masiku awiri. Koma siling'i yonyowa sibisika, ndipo mwininyumba akaitulukira inu mutapita, amene waononga ndinu basi, palibe wokuikirani kumbuyo. Chinanso, eni nyumba ambiri kuno ali ndi inshuwalansi imene imalipira giza ikaphulika, ndipo kawirikawiri a inshuwalansiwo amafuna pulambala wawo, kapena wolembetsedwa ku bungwe la mapulambala la Plumbing Industry Registration Board amene angapereke satifiketi ya ntchitoyo. Alamu anga ntchito amaidziwa, koma iwo eni anandiuza kuti, "Ine ndisaigwire imeneyo, ndingakuikeni m'mavuto." Ntchito ya mlendo ndi kuzimitsa magetsi, kutseka madzi, kusuntha katundu, kujambula ndi kunena. Pamenepo yathera.

Wina anandifunsa chifukwa chake sitinaimbire a Johannesburg Water, kampani yopereka madzi mumzinda uno. Iwo udindo wawo umalekera pa mita. Paipi ikaphulika mumsewu ndi yawo, koma kuchokera pa mita kulowa m'mpanda zonse ndi za mwini malo.

Kwa inu amene mumabwereketsa nyumba, ndipo ndikudziwa kuti Amalawi ena kuno ndi amene mumasamalira nyumba zoterezi ndi kulandira alendo m'malo mwa mabwana anu, ndikupempheni chinthu chimodzi. Mukamapereka makiyi, yendani naye mlendoyo mpaka pa valavu, agwire ndi dzanja lake, aone kuti imatsekera mbali iti. Musonyezeni bokosi la magetsi. Fukulani chivindikirocho, chipakeni penti yowala. Lembani nambala imene imayankhidwa usiku, chifukwa mwininyumba wathu anaona uthenga cha m'ma 6 koloko m'mawa. Anatilankhula mwaulemu, anatumiza pulambala, anatibwezera ndalama za tsiku limodzi, ndipo ndikuthokoza. Koma pulambalayo atatsika kudenga anati giza ija inali yakalekale, ndipo zinandipweteka kuti amayi anagona pansi pa chinthu choterocho popanda wotichenjeza.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma timachita manyazi kufunsa zinthu zotere poopa kuoneka ngati achimidzi. Ine ndinafunsa za WiFi ndisanakhale n'komwe pansi, za madzi sindinaganizeko. Ndipo si giza yokha. Timapaipi tofewa tija ta pansi pa sinki ndi kuseri kwa chimbudzi timaphulikanso, ndipo nthawi zambiri pakhoma pamakhala kavalavu kake kakang'ono kamene mwana angathe kutseka atasonyezedwa.

Amayi atakwera basi ku Park Station kubwerera kumudzi, ndinapita kwa alandilodi anga ku Rosettenville kuti andisonyeze pamene timatsekera madzi, patatha zaka 5 ndikukhala pamalopo. Tinaipeza valavuyo itagwira dzimbiri, yosatembenuka ngakhale ndi sipanala. Analonjeza kuti aisintha mwezi ukatha. Dzulo ndawakumbutsanso kachitatu.