Tauni ikamafota, olemera ndi osauka amasiya kukumana

Tauni yaing'ono ikayamba kulowa pansi chifukwa fakitale, mgodi kapena siteshoni ya sitima yomwe inkaipatsa moyo yatsekedwa, anthu amathamangira kuwerenga ntchito zomwe zatha ndi nyumba zomwe zasanduka mabwinja. Maganizo anga ndi akuti pali chinthu china chomwe chimatha osachiwerenga, ndicho malo amene munthu wopeza bwino ndi munthu wosauka ankakumana popanda kupangana. Kampani ikadalipo, mwana wa bwana ndi mwana wa mlonda amalowa kalasi imodzi, makolo awo amadikira dokotala pabenchi limodzi, ndipo onse amachemerera timu imodzi ya mpira. Sindikunena kuti ankakondana, pakuti nyumba za mabwana kawirikawiri zinkamangidwa mbali yawoyawo, koma ankadziwana nkhope ndi mayina, ndipo nkovuta kuiwaliratu munthu amene mwana wake amakhala desiki imodzi ndi wanu.

Zimene zimachitika ntchito ikatha zidafufuzidwa kalekale m'mudzi wa Marienthal, pafupi ndi mzinda wa Vienna ku Austria, komwe fakitale yoluka nsalu idatsekedwa mu 1930 n'kusiya mabanja pafupifupi atatu mwa anayi alionse opanda wogwira ntchito. Marie Jahoda, Paul Lazarsfeld ndi Hans Zeisel, amene adafalitsa zomwe adapeza mu 1933, adaona chinthu chodabwitsa: anthu anali ndi nthawi yambiri kuposa kale, koma chiwerengero cha mabuku obwerekedwa kulaibulale chidatsika pafupifupi ndi theka ngakhale kuti kubwereka kudasanduka kwaulere, magulu osiyanasiyana adataya mamembala, ndipo paki yomwe anthu ankainyadira idamera thengo. Adafika poyeza ngakhale mayendedwe a abambo pamsewu, n'kupeza kuti ambiri ankayenda mwapang'onopang'ono, akumaimaima, popeza kunalibe kothamangira. Munthu wotha ntchito sapita kumagulu, chifukwa manyazi amamutsekera m'nyumba, ndipo akasiya kupita, amene ali ndi ntchito amasiya kumufunsa.

Mbali yomwe imandivuta kwambiri ndi khalidwe la anthu ochepa amene amatsala akupezabe bwino, monga eni masitolo, ogwira ntchito za boma ndi opuma pantchito okhala ndi penshoni. Iwowa sachoka m'tauni ndi thupi, koma amachokamo pang'onopang'ono m'zochita zawo. Ana awo amatumizidwa kusukulu za kumzinda, akadwala amakalandira chithandizo kwina, zogula amakatenga kwina, ndipo pamapeto pake sukulu ya m'deralo imatsala ndi makolo okhaokha amene sadziwa khomo loyenera kugogoda denga likamadontha kapena mphunzitsi akasamutsidwa popanda wolowa m'malo. Palibe kholo lomwe ndingalidzudzule pofunira mwana wake zabwino. Aliyense payekha akuchita zanzeru. Koma zisankho zanzeruzo zikaphatikizana, zimachotsa m'kalasi ana amene makolo awo akadamenyera nkhondo kalasi yonse.

Ambiri mwa anthu amenewa ndi opatsa, ndipo nyengo ya zikondwerero amasonkha zovala ndi mphatso za osowa. Sindikupeputsa zimenezo, koma mphatso imaperekedwa munthu ali patali, ndipo wolandira amabwerera kwake ali wolandirabe. Chimene mwana wa m'banja losauka amasowa kwambiri ndi munthu wamkulu amene angamuuze mmene fomu yofunsira malo kukoleji imalembedwera, amene angamutchule dzina pamene kwapezeka mpata wa ntchito, kapena amene kungokhalapo kwake kumamuonetsa kuti unamwino kapena uinjiniya ndi ntchito za anthu wamba. Mu 2022 gulu la akatswiri a zachuma lotsogozedwa ndi Raj Chetty lidaunika maubwenzi a anthu oposa 70 miliyoni a ku America pa Facebook, ndipo lidapeza kuti ana osauka okulira m'madera momwe osauka ndi olemera amachezerana amadzapeza ndalama zochulukirapo akakula. Malinga ndi kuwerengera kwawo, mwana wosauka akadakulira m'dera lomwe maubwenzi otere ndi ochuluka monga momwe alili kwa mwana wolemera, malipiro ake akadakwera ndi pafupifupi 20 peresenti.

Kugawikana komweku kumalowa m'banja, ndipo m'menemo kumapweteka koposa. Ku Britain, ogwira ntchito m'migodi ya malasha atanyanyala ntchito mu 1984 mpaka 1985 pokana kutsekedwa kwa migodi, mabanja ena adagawikana pakati pa amene adapirira mpaka kumapeto ndi amene njala idawabweza kuntchito, ndipo pali abale amene adakhala zaka makumi angapo osalankhulana, migodiyo itatsekedwa kale. Koma ngakhale popanda mkangano waukulu chotere, tauni yofota imagawa ana a mayi mmodzi m'magulu awiri, ochoka ndi otsala. Wochokayo amatumiza ndalama, ndipo ndalamayo imamupatsa mawu pa chilichonse, kuyambira kuchipatala komwe makolo apite mpaka zoti nyumba igulitsidwe kapena ayi. Wotsalayo ndiye amadzuka usiku bambo akadwala, amasambitsa mayi, amadziwa mankhwala ndi nthawi yake, koma pamsonkhano wa banja amaoneka ngati munthu amene adalephera kuchoka. Amati chibale ndi fupa sichiwola, ndipo ndikuvomereza, komabe fupa limathyoka, ndipo nthawi zambiri limathyokera pamenepa, pamene ntchito ya manja ya m'bale mmodzi sikuwerengedwa chifukwa ilibe risiti.

Wochokayo nayenso ali ndi mtolo wake, pakuti kumzinda amalipira lendi ndi ngongole zomwe akumudzi saziona, ndipo akabwera kudzacheza amapeza kuti nthabwala za abale ake sakuzimvanso. Ndimamumvera chisoni, koma sindiona kuti zimenezi zimamupatsa ufulu wolamula patali.

Nchifukwa chake ndimakayikira mapulani otsitsimutsa matauni amene amangokamba za kukopa kampani yatsopano. Kampani ikhoza kubwera, koma fakitale yamakono imalemba anthu ochepa poyerekeza ndi yakale, ndipo akatswiri ake ambiri amabwera m'mawa pagalimoto n'kubwerera madzulo kumzinda komwe kuli mabanja awo. Khonsolo ikamasankha zotseka pofuna kupulumutsa ndalama, zoyamba kugwa zimakhala laibulale, bwalo lamasewera ndi holo ya misonkhano, popeza sizibweretsa phindu looneka m'mabuku a ndalama, chonsecho ndiwo malo okhawo otsala kumene mwana wa mwini sitolo angathe kukhala pafupi ndi mwana wa munthu amene ali ndi ngongole m'sitolomo.